Buku Loyambira Kumapeto

Pa Intercity, siteshoni yaikulu ya mabasi ya mu Lusaka, pali kanthawi kam'mawa kamene ogulitsa matikiti amapumako. Mabasi a ku Luapula amakhala atanyamuka, a masana asanayambe kudzaza, ndipo anyamata oitanira apaulendo amakhala pa mawilibala a anzawo n'kumakangana za mpira. Pa nthawi imeneyo Chola Mulubwa amatulutsa pensulo m'thumba la malaya ake a kuntchito n'kuyamba kujambula. Amajambula pa chilichonse chimene chili pafupi, kaya kuseri kwa timapepala tomata pa katundu, kaya pa katoni ya mabisiketi. Anthu amene iye amajambula amakhala ndi maso aakulu, timphuno tosaoneka bwino, ndi tsitsi looneka ngati likuwombedwa ndi mphepo nthawi zonse. Kajambulidwe kameneka ndi ka manga, nkhani za zithunzi zochokera ku Japan, zimene achinyamata ambiri a mu Lusaka amawerenga pa mafoni awo.

Chola si wachinyamata kwenikweni. Zaka zake zapitirira makumi atatu, ndipo theka la zaka za uchikulire wake walithera pa kazenera kogulitsira matikiti komweko, akulemba mayina a anthu opita ku Serenje, ku Samfya ndi ku Mansa. Dzina lake ndi limene Abemba amapatsa mwana wopondana ndi mapasa. Mapasawo ndi Elvis ndi Davies. Elvis amagwira ntchito pa kampani ina ya inshuwalansi ndipo amakhala ku Chelstone. Davies anapita ku Kitwe kalekale ndipo amaoneka pa maliro ndi pa maukwati pokha. Chifukwa cha mapasawo, makolo awo ankadziwika m'Kabwata monse kuti bashi Mpundu ndi bana Mpundu, ndiko kuti bambo ndi mayi wa mapasa. Ndi anthu ochepa amene ankadziwa kuti mayina awo enieni ndi Nicodemus ndi Emmy.

A Nicodemus anali wokonza mawotchi. Anali ndi kathebulo ka galasi m'khonde la sitolo ina m'mbali mwa Cairo Road, ndipo anakhalapo mpaka pamene anthu anayamba kuonera nthawi pa foni. Anali munthu wa nthabwala, dikoni wa mpingo wa Sabata, wosachoka panyumba popanda chipewa. Wotchi ikabwera yoyenda molakwika, ankaiika pakhutu n'kunena mawu omwe ana ake anawaloweza: "Yochedwa nikonza, yothamanga nikonza, koma nkoloko yoyenda kumbuyo ni yakufa." A Emmy ankaphika chikanda, chakudya cholimba cha mizu yosinja ndi mtedza, n'kumagulitsa modula timagawo pamsika wa Kabwata. Madzulo ankakhala pa mpando wawo wamatabwa pakhonde, atayala chitenge potsamira, akusenda mtedza wa tsiku lotsatira.

Manga Chola anaidziwira m'chipatala. Mayi ake atagonekedwa ndi khansa, iye ndi amene ankawadikirira, popeza mapasa anali ndi maofesi ndi mabanja. Mnzake wa kuntchito anamuikira nkhani zingapo pa foni kuti azitayira nthawi. Sizinali za nkhondo kapena za zilombo. Ina inali ya nkhalamba yogulitsa tiyi imene makasitomala ake anali achule; ina inali ya atsikana a pachilumba amene vuto lawo lalikulu linali lakuti ambulera yawo yauluka. Munalibe wofa, munalibe wothamangitsidwa m'nyumba. Masana, dzuwa likalowa pa zenera la wodi, Chola ankatsamiritsa foniyo pa kapu n'kumaonera limodzi ndi mayi ake makatuni a nkhani zomwezo, amene amatchedwa anime.

"Aba banthu balibe mavuto?" ankafunsa a Emmy. "Balibe na landilodi?"

"Balibe, bamayo."

"Manje maso yakulu so, bayangana chani?"

Ankaseka mpaka kutsokomola, ndipo Chola ankawapatsa madzi. Zimenezi ndi zimene iye amakumbuka za miyezi imeneyo, kuposa fungo la mankhwala. A Emmy anamwalira mvula itangoyamba, ndipo anaikidwa kunja kwa mzinda, kumene manda atsopano akutambalala chaka ndi chaka.

Maliro atatha, anthu atabalalika, a Nicodemus anatulutsa kampando kena n'kukaika pakhonde moyang'anizana ndi mpando wa akazi awo. Chitenge chinali chikadali pomwepo. Anakhala pansi, ndipo kunena mosakokomeza, sanadzukenso kwenikweni. Kutchalitchi anasiya. Chipewa chinatsala pa msomali. Chakudya chimene Chola ankawasiyira m'mawa ankachipeza madzulo chili chovundikira, atangotsinako pang'ono m'mphepete monga amachitira mwana wokakamizidwa. Akulu a mpingo anabwera kudzawakumbutsa zimene iwo omwe ankaphunzitsa ena, kuti akufa ali m'tulo chabe ndipo adzauka lipenga likadzalira. Anamvetsera mwaulemu, nawaperekeza ndi maso mpaka pachipata. Lamba wa thalauza anayamba kufuna mabowo atsopano, ndipo Chola ndi amene ankawaboola ndi msomali wotentha.

Nyengo yozizira itafika, Elvis anabwera ndi ganizo. Anaimika galimoto panja, nalonjera bambo ake, kenako anakokera mlongo wake kuseri kwa nyumba kumene kuli mpopi.

"Iwe Chola, mvela. Batata bazafela pa mpando paja. Ku Mansa kuli bamayo senge, kuli mphepo yabwino, kuli nsomba. Apa bali chabe kuyangana chitenge."

Bamayo senge ndi mlongo wa a Nicodemus, mayi wokalamba amene maso ake anayamba kale kuchita khungu.

"Ba Elvis, mukamba monga simubaziba," anatero Chola. "Bakayenda uko sibazabwela."

"Nanga apa bali moyo? Uyu ni moyo?"

"Batengeni ku Chelstone kansi."

"Tinayesa. Banakana na kukwela motoka. Iwe uli ku nchito zuba yonse, ufuna tizabapeze bauma?"

Chimene chinamupweteka Chola kwambiri n'chakuti bambo ake sanakane. Atauzidwa, anatembenukira kwa Chola, amene ankamutcha mayo pomulemekeza, nalankhula chiganizo chachitali kuposa zonse zimene ananena chimwalirire akazi awo.

"Nigulile tiketi, mayo. Yoyenda chabe. Nifuna nikagone kwathu."

Munthu wa Sabata akati kugona, sakutanthauza mphasa. Chola anamva bwino lomwe. Anagwirizana kuti ulendo ukhale kumapeto kwa mwezi wotsatira, ndipo tikitiyo anailemba yekha pa kazenera kake, dzina la bambo ake m'zilembo zake zomwe. Wakhala akuona okalamba ambiri akukwera basi ya ku Mansa atanyamula chikwama chimodzi, ndipo amadziwa kusiyanitsa wopita kukacheza ndi wopita kukatsala.

M'masabata omwewo ndi mmene anaona chilengezo cha mpikisano. Kagulu ka achinyamata okonda manga kamene kamakumana ku Woodlands kankaitana ojambula kuti abweretse nkhani zazifupi. Malamulo anali ochepa. Nkhani ikhale yopanda mawu, zithunzi zokha zilankhule. Ikhale yopepusa mtima, yoti munthu wotopa akaiona apume. Ndipo ikonzedwe monga amakonzera manga kwawo: buku lake limatsegulidwa kuchokera kumene ife timati kumapeto, msana wake uli kudzanja lamanja, ndipo masamba amatsatana chobwerera kumanzere.

Chola sankafuna mphotho. Ganizo lake linali lakuti ngati nkhani za achule ndi maambulera, zojambulidwa ndi anthu osawadziwa, zinatha kuseketsa mayi wodwala khansa, ndiye kuti nkhani yojambulidwa ndi mwana wawo ikhoza kuchotsa maso a bambo ake pa chitenge chija, ngakhale kwa masana amodzi. Ankakhulupirira kuti munthu amene wasekako sangakwere basi yokafa. Mpikisano unangomupatsa tsiku lomalizira, ndi chifukwa chogulira mapepala abwino ndi inki.

Anayamba ndi nkhani ya nkhuku imene inathawa m'dengu pa Intercity n'kukakwera basi yolakwika. Inali nkhani yabwino, ndipo inachitikadi. Koma pojambula mayi mwini nkhukuyo, dzanja linatulutsa nkhope ya a Emmy. Anang'amba, nayambanso, ndipo nkhope inabweranso yomweyo. Pamapeto pake anaisiya nkhukuyo n'kutsatira dzanja.

Kugawa tsamba m'timabokosi tambiri monga amachitira odziwa, iye sanakuphunzire. Anajambula chithunzi chimodzi chachikulu pa tsamba lililonse. Choyamba chinali cha mtsikana akutsika basi pa Intercity, phazi limodzi lili pa sitepe, kamtolo kali pamutu, akumwetulira mnyamata wa chipewa amene akumudikira pansi. Umu ndi mmene a Emmy ankafotokozera kubwera kwawo kuchokera ku Mansa. Kenako panabwera kanyumba ka m'Kabwata, mapasa awiri kumsana ndi kutsogolo, mwana wachitatu, thebulo la chikanda pamsika. Chola ankadziuza kuti aimira pamenepo, pamene onse ali moyo ndipo mbale zili zodzaza. Koma tsamba lililonse linkaitana linzake. Imvi zinabwera. Masaya analowa. Panabwera bedi la m'chipatala, mayi atakhala tsonga akuseka ndi foni yotsamira pa kapu. Kenako bedi lomwelo, mayi atagona, maso otseka. Tsamba lomaliza linali mpando wa pakhonde ndi chitenge chake, popanda munthu.

Anatengera mapepalawo kwa Abednego, mnyamata wa makina okopera zikalata m'kanjira kena kuseri kwa Cairo Road, kuti awakhomere timawaya ndi kuikapo chikuto. Abednego anawasanja mwachizolowezi, nakonzeka kukhoma kumanzere.

"Awe, osati uko," anatero Chola. "Khomani ku laiti."

"Ba sisi, mwasokoneza mapepa. Buku iyambila uku."

"Iyi iyambila kumbuyo."

Abednego anamuyang'ana, nayang'ananso mapepala. "Buku yoyambila kumbuyo? Ni ya mfwiti?"

"Ni ya ku Japan."

"Olo. Kansi ndiye chifukwa mamotoka yao yabwela yakale, bayambila kumbuyo."

Anakhoma kumanja, akupukusa mutu. Pa chikuto Chola sanalembepo kanthu, kutsogolo ngakhale kumbuyo, popeza lamulo linati pasakhale mawu.

Tsiku la mpikisano linagwa Loweruka, ndipo Chola anaphwanya Sabata kwa nthawi yoyamba m'moyo wake. Anakwera minibasi atavala diresi la kutchalitchi kuti anthu a m'Kabwata asafunse. Mu holo ya ku Woodlands anapeza anyamata ndi atsikana ovala mawigi obiriwira ndi ofiirira, ena atanyamula malupanga a makatoni, akujambulana ndi mafoni. Ambiri anatsika m'magalimoto a makolo awo ochokera m'madera a anthu olemera a mu Lusaka, ku Kabulonga ndi ku Roma. Mmodzi anamufunsa ngati wabwera kudzatenga mwana wake. Mabuku anayalidwa pa mathebulo, ndipo anthu ankadutsa akutsegula. Pa mabuku ena panali kuseka. Pa buku la Chola anthu ankafika akumwetulira, n'kuchokapo mwakachetechete, ena akuliika pansi mosamala ngati mbale ya eni.

Inapambana ndi nkhani ya mbuzi imene inalembedwa ntchito ya ukondakitala pa minibasi ya ku Chelstone. Chola yemwe anaseka poiona, ndipo sanaone kuti alakwiridwa. Anthu akubalalika, mtsikana wotsogolera kaguluko, dzina lake Delight, anamubweretsera buku lake m'manja.

"Ba Chola, mwanililitsa," anatero. "Zoona. Nayenda na ku toileti kukapukuta maso. Manje tinakamba ati nkhani yopepusa mtima. Iyi yalema, mwandi."

"Naziba."

"Na mapeji yanu, chithunzi chimozi chimozi monga kalenda. Muzibwela pa Sande tikuphunzitseni kugaba mabokosi. Kwanja muli nako."

Chola anathokoza. Ali m'minibasi anatsimikiza kuti bambo ake asadzalione bukulo. Munthu amene wakhala miyezi akuyang'ana mpando wopanda munthu sungamupatse buku lomuyendetsa moyo wonse n'kukamusiya pa mpando womwewo. Ulendo unali wa Lolemba. Anali atataya masabata ake omaliza ndi bambo ake akujambula chinthu chimene sakanatha kuwapatsa.

Lamlungu masana anayamba kuchapa malaya a ulendo. Anawapakulira bambo ake chakudya, nawaikira pa kathebulo pakhonde. Chivundikiro cha mbale sanachipeze, ntchentche zinali zambiri, ndipo chimene chinali pafupi m'chikwama chake ndi buku lija. Analiika pamwamba pa mbale mosaganiza, monga munthu amachitira ndi nyuzipepala yakale, n'kubwerera ku mpopi. Zojambula zake a Nicodemus sankazikhudza. Ankazitcha zidole za maso a kadzidzi.

Ali pakati potsukuluza anamva mawu pakhonde. Anaganiza kuti kwabwera mlendo. Atazungulira nyumba anapeza bambo ake ali okha, buku lili pa maondo, magalasi ali pamphuno. Anali atalitsegula monga amatsegulira Baibulo lawo ndi buku lina lililonse limene anagwirapo, kuyambira kumanzere. Tsamba lawo loyamba linali mpando ndi chitenge. Lachiwiri linali mayi wogona, maso otseka. Pamene Chola ankafika, anali atangotembenuza lachitatu.

"Auka," anatero a Nicodemus, osakweza mutu. "Ona, mayo. Auka. Aseka."

Chola anaima ndi manja onyowa. Anafuna kuwauza kuti ayambira kumapeto, koma anawasiya.

A Nicodemus anatembenuza lina. Mayi uja anali atachoka m'chipatala, ali pakhonde, wowonda koma ali chilili. Lina, masaya anadzaza. Lina, imvi zinatha, ndipo anali pamsika akudula chikanda. A Nicodemus ankanyowetsa chala ndi malovu n'kumatembenuza pang'onopang'ono, akuyang'ana chithunzi chilichonse monga ankayang'anira m'mimba mwa wotchi.

"Apa iwe wachepa," anatero. Anatembenuza. "Apa wayenda kuti?"

"Nikalibe kubadwa, batata."

"Olo." Anatembenuzanso kawiri. "Na mapasa bayenda. Chabwino. Benze kuvuta."

Chola anagwira chitseko. Inali nthabwala, yoyamba chichokere kumanda.

Tsamba lawo lomaliza linali lija la basi. Mtsikana akutsika, phazi pa sitepe, kamtolo pamutu, ndipo pansi mnyamata wa chipewa akumudikira. A Nicodemus anakhala pa tsamba limenelo nthawi yaitali.

"Ni ine uyu?"

"Ndimwe."

"Chisote chili bwino. Koma mphuno wanibela." Anachotsa magalasi, napukuta m'maso ndi chala chachikulu. "So ndiye mwamene izankhalila. Azaseluka chabe, azanipeza nilipo."

Nthawi yomweyo galimoto ya Elvis inaima pachipata. Anatsika ndi sutikesi yatsopano ya ulendo. Ataona bambo ake ali ndi buku, nkhope yake inawala, pakuti nayenso ndi mwana wawo ndipo ankawafunira zabwino. Anasuzumira paphewa pawo. Ana ake amawerenga manga, ndipo iye anazindikira msanga.

"Muli shani, batata? Ah, ni vija va Chola. Manje mubelenga chobwelela. Iyi iyambila uku."

"Ba Elvis," anatero Chola.

Koma Elvis anali atatenga kale bukulo, nalitembenuza, nalibwezera pa maondo pawo msana uli kumanja. "Yambani apa. Apa bamayo bafika mu Lusaka. Ndiye muyende so."

A Nicodemus anamvera. Anayamba pa basi, nadutsa pa kanyumba, pa mapasa, pa thebulo la chikanda. Imvi zinabwerera, masaya analowa, maso anatsekeka. Atafika pa mpando anakweza mutu n'kuyang'ana mpando weniweniwo, umene unali patsogolo pawo ndi chitenge chake. Elvis anazindikira mochedwa chimene wachita, ndipo anayang'ana pansi. Panja pankadutsa wogulitsa makala akuitana.

"Uku nakuziba," anatero a Nicodemus potsiriza. "Nenzeko."

Anatseka bukulo, nalitembenuza, nalitsegulanso kumanzere.

"Batata," anatero Elvis mofatsa, "si ndimwe mwenze kukamba ati nkoloko yoyenda kumbuyo ni yakufa?"

"Ni yakufa, ee. Iyi si nkoloko."

Chakudya sanadye tsiku limenelo. Elvis analongedza sutikesi, ndipo iwo sanamuletse. Chola anapinda malaya n'kuwaika m'katimo, ndipo palibe amene anatchulanso za bukulo.

Lolemba m'mawa a Nicodemus anasamba, navala jekete la kutchalitchi, natenga chipewa pa msomali n'kuchipukuta fumbi ndi mkono. Buku analiika m'thumba la m'kati. Anakwera minibasi limodzi ndi Chola, sutikesi ili pa maondo. Pa Intercity basi ya ku Mansa inali ikudzaza, injini ikulira, anyamata akukweza matumba pansi pake. Chola anawakhazika pa benchi moyang'anizana ndi kazenera kake, nalowa kukagwira ntchito, chifukwa mzere unali utayamba kale. Ankalemba mayina a anthu ena, maso ali pa benchi.

Kondakitala anaitana koyamba. Anaitana kachiwiri. Mnyamata wina anabwera kudzanyamula sutikesi.

"Tiyeni, mudala, basi iyenda."

"Isiye."

"Simuyenda ku Mansa imwe?"

"Yochoka ku Mansa ifika nthawi bwanji?"

Mnyamatayo anakanda m'mutu. "Kumazulo, ngati siinafe mu njila."

"Nizalindila iyo."

Basi inatuluka pachipata mpando wawo uli wopanda munthu. Chola anaona ikukhota, ndipo anapitiriza kulemba dzina la mayi wina wopita ku Samfya, ngakhale kuti analilakwitsa n'kulembanso. Chakumasana anaona bambo ake akukodola mayi wogulitsa chinangwa chowotcha ndi mtedza, chimene kwawo amati tute ne mbalala. Anagula, nayala mpango pa maondo, nadya chonse, mpaka timtedza totsalira m'makwinya a pepala.

Kuyambira pamenepo a Nicodemus amabwera pa Intercity tsiku lililonse kupatula la Sabata. Sutikesi inabwerera ku Chelstone. Anyamata oitanira apaulendo anawazolowera. Amawatcha ba Mansa, ndipo ena amawabweretsera mawotchi otchipa a pamsika kuti awaone. Thupi silinabwerere. Lamba akadali pa bowo lomaliza, ndipo kunyumba amadya pang'ono monga kale. Amadya pa benchi pokha. Elvis akuti zimenezi si kuchira koma matenda ena, ndipo akufuna kuwatengera kwa dokotala wa maganizo. Anawauza pamaso, tsiku lina atawapeza pa benchipo.

"Mwana wanga, sinine ofunta," anayankha. "Niziba kwamene tinamuika. Niziba sazabwela na basi. Koma munthu afunika kulindila penapake. Pa khonde nenze kulindila chani?"

Chola sanapite kukaphunzira kugawa timabokosi, ngakhale kuti Delight anamutumizira uthenga kangapo. Amamuyankha kuti mwina chaka chamawa, ndipo nkhani ya nkhuku ija ikadalipo. Tikiti ya ku Mansa inatha ntchito tsiku lomwe lija, koma bambo ake sanaitaye. Anaipinda n'kuilowetsa mu lamba wa chipewa, ndipo imaoneka nsonga yake akatembenuka. Chola amaiona tsiku lililonse. Sadziwa ngati anaisunga monga chinthu chimene anachigonjetsa, kapena monga chikumbutso cha ulendo umene angouchedwetsa, ndipo amaopa kufunsa.

Chakumadzulo, basi yochokera ku Mansa ikamalowa pachipata ili mbuu ndi fumbi, a Nicodemus amadzuka pa benchi. Amakonza jekete, n'kuyenda mpaka pafupi ndi chitseko, kumene onyamula katundu amawapatsa malo osauzidwa. Amaima pamenepo akuyang'ana aliyense wotsika, amayi a mitolo, atsikana a mafoni, nkhalamba zogwirwa dzanja, mpaka wotsiriza. Kenako amagwira chipewa, n'kubwerera pa benchi kukadikira kuti mwana wawo atseke kazenera.

Pa nthawi imeneyo Chola sayang'ana. Amaweramira pa kapepala komata pa katundu, pensulo ili m'manja, mpaka atamva kuti injini yazima.